UBONGO USAIWALIKE PA NKHONDO YOLIMBANA NDI HIV

Pamene Boma linayamba kugawa mankhwala a ma ARV mwaulere m'chaka cha 2004, nkhawa ya anthu onse inali imodzi yokha, ndiyo imfa. Lero zinthu zasintha. Pa Chipatala cha Boma cha Machinga ku Liwonde, pa cha Balaka, ndi m'zipatala zazing'ono monga Ntaja, Ulongwe ndi Phalula, pamafika aphunzitsi, makalaliki, alangizi ndi alimi amene amwa mankhwalawa zaka zambiri, ndipo ena a iwo amera imvi. Tsono pabuka funso limene kale panalibe nthawi yolifunsa: kodi ubongo wa anthu amenewa uli bwanji?

Madokotala anapeza kuti kachirombo ka HIV kamalowa mu ubongo m'masabata oyamba munthu atangokatenga. M'menemo kamabisala m'maselo oteteza thupi, nikayambitsa kutupa kumene kumawononga minyewa pang'onopang'ono. Makina ojambula m'mutu otchedwa MRI aonetsa kuti mbali zina za ubongo zimachepa kukula kwake. Zizindikiro zake ndi kuiwalaiwala, kuchedwa kuganiza, kulephera kuika mtima pa ntchito imodzi, ndi kulemera kwa zala polemba.

Vuto limeneli si la kunja kokha ayi. Kafukufuku wofalitsidwa m'chaka cha 2014, amene anachitika pa Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre pakati pa akulu omwa ma ARV, anapeza kuti anthu 15 mwa 100 alionse anali ndi zizindikiro zowavuta pa moyo wa tsiku ndi tsiku, ndipo 3 mwa 100 ndiwo anali ovutika kwambiri.

Kuli ena amene pomva zimenezi adzafulumira kunena kuti mankhwala ndiwo akuumitsa anthu mitu. Maganizo otere ndi olakwa, ndiponso ndi oopsa. Nzoona kuti mankhwala a efavirenz ankachititsa ena chizungulire ndi maloto oipa. Koma kuyambira m'chaka cha 2019 Unduna wa Zaumoyo unasamutsira anthu ambiri ku mankhwala a dolutegravir. Chachikulu ndi ichi: ofufuza a ku America ndi Canada anaonetsa m'chaka cha 2018 kuti, ngakhale ubongo wa anthu omwa mankhwala mokhulupirika unali wocheperako poyerekeza ndi wa anzawo opanda kachirombo, pa zaka ziwiri zimene anawatsatira sunachepe mofulumira kuposa wa anzawowo. Ndiko kunena kuti chiwonongeko chambiri chimachitika munthu asanayambe mankhwala, makamaka ngati chitetezo chake chinatsika kwambiri. Mdani wa ubongo ndiye kuchedwa.

Pachifukwa ichi Boma linachita mwanzeru m'chaka cha 2016 polamula kuti aliyense wopezeka ndi kachirombo ayambe mankhwala nthawi yomweyo, osadikira kuti adwale. M'mera mpoyamba. Koma lamulo silingathandize msodzi wa ku Nyanja ya Chilwa kapena ya Chiuta, kapena mwamuna wobwera kuchokera ku Johannesburg, ngati sapita kukayezetsa. Mphunzitsi ndi mlangizi, amene mawu awo amamveka m'mudzi, ali ndi udindo wofalitsa uthenga umenewu, ndi kuyamba iwo eni kuyezetsa.

Zipatala nazo zili ndi gawo lake. Makina a MRI sangapezeke pa chipatala chilichonse, ndipo nkosayenera kuwadikira. Wogwira ntchito pa chipatala, poyeza kuchuluka kwa kachirombo m'magazi, angathe kufunsanso ngati munthuyo akuiwala tsiku lotenga mankhwala kapena akusokonezeka powerengera ndalama. Ayeneranso kufufuza zina zimene zimafooketsa ubongo, monga kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga, chindoko, mowa, ndi kukhumudwa kwa nthawi yaitali, pakuti zambiri mwa izi zili ndi chithandizo. Pamene vuto lakula, Chipatala cha Matenda a Maganizo ku Zomba chili pafupi ndi maboma awiriwa.

Potsiriza, mawu apite kwa akuluakulu a m'maofesi ndi m'masukulu. Kalaliki amene wayamba kusokoneza mafailo, kapena mphunzitsi amene akuchedwa kuchonga mayeso, asaweruzidwe msanga kuti ndi waulesi kapena chidakwa, ndipo abale asathamangire kunena kuti walodzedwa. Mkulu wa ntchito alibe ufulu wofunsa wantchito za magazi ake. Koma angathe kumuitana pambali, kumulangiza mwaulemu kuti akaonane ndi dokotala, ndi kumupeputsira ntchito kwa kanthawi. Dziko linawononga chuma chambiri pophunzitsa anthu amenewa, ndiponso powasunga ndi moyo. Kungakhale kutaya kwakukulu ngati, atapulumuka ku imfa, achotsedwa ntchito chifukwa cha vuto limene likanatha kuzindikirika ndi mafunso ochepa pa chipatala.