Mpeni wa malume unkangofuna kusamba

Sabata yatha ndinathyola chikhadabo potsegula mpeni wopinda. Ndi Okapi wakalekale amene malume anabwera nawo kuchokera ku Joni, maulendo a Wenela asanaimitsidwe mu 1974. Pachitsulo pake palembedwa Germany, poti nthawiyo mipeniyi inkasulidwa ku Solingen; ku South Africa anayamba kuipanga mu 1988. M'tauni dzina la Okapi limanunkha uchigawenga, koma kwathu unali wosendera nzimbe ndi wophera nkhuku kukabwera alendo.

Nditadandaula pabawo, alangizi sanasowe. "Thiranipo mafuta ophikira, achimwene," anatero wina. Mnzake anati ndiukhome ndi hamala. Onsewo amandifunira zabwino, koma ndikanawamvera bwenzi mpeniwo nditaupha.

Mpeni wopinda umazungulira pa kamsomali kamodzi, ndipo tsinde lake limakhulana ndi sipuling'i ya kumsana. Pampata wochepawo ndi pamene pamathera zonse: fumbi, ulusi wa m'thumba la buluku, madzi a nzimbe, utomoni wa mango. Zikauma zimagwira ngati phula. Mafuta ophikira amafewetsa masiku ochepa, kenako nawonso amasanduka ulimbo. Amene akukayika akakhudze pakamwa pa botolo lakale la mafuta kukhitchini.

Ine ndinayamba ndi madzi ofunda, sopo ndi mswachi wotha ntchito. Ndinatokosa m'ngalande ya chogwirira ndi kamtengo ka machesi, ndipo zimene zinatulukamo sindingazilembe m'nyuzipepala. A Victorinox, opanga timipeni tofiira ta ku Switzerland, amalangizanso zotsegula ndi kutseka mpeni m'madzi ofunda. Koma Okapi si wonyika m'beseni n'kupita kukaphika. Chitsulo chake chimachita dzimbiri msanga ndipo chogwirira ndi chamtengo. Ndinatsuka mwachangu, kupukuta, n'kuuyanika padzuwa uli chitsegulire.

Utauma ndinadonthezera mafuta pa kamsomali paja ndi pomwe sipuling'i imakhudza. Dontho limodzi, osati kusambitsa. Mafuta a makina osokera amagwira bwino ntchito, koma ngati mpeniwo mumadyera zipatso, gulani liquid paraffin ku famase, uja amamwa anthu odzimbidwa. Musamusokoneze ndi palafini wa nyali, amene amathandiza kuchotsa dzimbiri koma sayenera kufika pakamwa. Kenako ndinakhala pakhonde, tsegule tseke, tsegule tseke, ndikupukuta zakuda zotuluka, mpaka ana anayamba kufunsana ngati bambo ali bwino.

Nyengo ya dzinja mlandu umakhala wina: mtengo umamwa chinyezi, n'kufufuma, n'kupana chitsulo. Mpeni wa Opinel wa ku France umadziwika ndi khalidwe limeneli, moti eniake amagogoda nsonga ya chogwirira patebulo kuti mpeni utuluke. Mankhwala ake ndi kuumitsa basi.

Za hamala zija, anthu amaiwala kuti kukhoma kamsomali kumamangitsa, sikumasula. Hamala ndi ya mpeni wogwedera, ndipo ngakhale apo n'kungogogoda pang'onopang'ono mukuyesa. Mipeni yatsopano yokhala ndi sikuluu mutha kuimasula, koma pang'ono zedi. Mukapyola muyeso chitsulo chimayamba kuyenda cham'mbali, ndipo mpeni wogwedera ndi woopsa kuposa wolimba. Ndi bwino kuthyola chikhadabo kusiyana ndi kudula chala.

Lamlungu ndinapita nawo kumudzi. Malume, amene tsopano maso akuwavuta, anautsegula ndi kuutseka kawiri atauyandikiza kukhutu. Utalira kuti tha! anagwedeza mutu.

"Walira ngati kale, mphwanga. Koma kunola bwanji sunanole?"

"Ndinola, malume."

Sanandibwezere. Anaulowetsa m'thumba la jekete lawo, ndipo mpaka lero uli komweko.