Magetsi otsegulira mankhwala njira m'chotupa

Selo iliyonse ya m'thupi imakutidwa ndi nembanemba yamafuta, yopyapyala zedi, yomwe imasankha zoti zilowe ndi zoti zitsale kunja. Bleomycin, mankhwala a khansa, ali m'gulu la zotsala kunja: ndi aukali, koma ofika m'kati mwa selo amangokhala ochepa.

Magetsi amathetsa vutoli. Selo ikawombedwa ndi mphamvu yaikulu kwa kanthawi kochepetsetsa, madzi amadziboolera njira m'nembanembamo, n'kutsegula tizibowo. Mphamvuyo ikayezedwa bwino, tizibowoto timatsekeka tokha pakapita masekondi kapena mphindi zingapo. Ikapyola muyeso, selo imafa.

Mu 1982, Eberhard Neumann wa ku Germany analowetsa DNA m'maselo a mbewa pogwiritsa ntchito njirayi. Pofika 1991, gulu la Lluis Mir ku Institut Gustave Roussy, ku France, linali litaiyesa pamodzi ndi bleomycin pa odwala khansa. Lero dokotala amayamba wabaya bleomycin, kenaka amalasa chotupa ndi timasingano tonyamula magetsi, n'kuwomba maulendo 8, ulendo uliwonse ma microsecond 100, pa mavoliti pafupifupi 1,000 pa sentimita imodzi. Mankhwala amakhamukira m'maselo a pamalopo, ukali wake n'kuwirikiza kambirimbiri, pomwe thupi lonse lalandira mlingo wochepa chabe.

Nkhaniyi sikuyenera kuthera ku Ulaya. Imodzi mwa khansa zomwe zimamva bwino njirayi ndi Kaposi sarcoma, ya zotupa zapakhungu makamaka m'miyendo, yomwe yazunza Amalawi ambiri, makamaka omwe ali ndi HIV. Ndipo bleomycin si mlendo kuno: madokotala akhala akumupereka pamodzi ndi vincristine kwa odwala omwewa. Chosowa ndi makina owombera magetsi ndi anthu ophunzitsidwa kuwagwiritsa ntchito.

Zoona, njirayi ili ndi malire. Imangochiza pomwe timasingano tafika, choncho singalowe m'malo mwa ma ARV kapena mankhwala oyenda m'magazi ngati khansa yafika m'mapapo. Imakokanso minofu mopweteka, moti wodwala amafunika kumuchititsa dzanzi kapena kumugonetsa tulo. Koma kwa munthu amene zotupa zake zikukha magazi mpaka kulephera kuvala nsapato, kuphwetsa zomwezo ndi thandizo lalikulu. Chipatala cha khansa cha ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ofufuza a ku yunivesite ya KUHeS ayenera kuiyesa pa odwala a Kaposi, kuti mtengo ndi phindu lake zidziwike kuchokera m'mawodi a konkuno.