Mukuseka phiko la foam, koma la ku Kasungu linauluka

Uzani munthu kuti mnyamata wa ku Vubwi angapange phiko la kandege pogwiritsa nchito kompresa ya firiji yakale, muone mmene asekere. Ati ni masewera a azungu opuma nchito. Munthu yemweyo akaona drone ya DJI ikujambula ukwati ku Chipata, aombera m'manja ngati waona chitukuko. Kugula ndiye nzeru, kupanga ndiye chibwana? Ine ndikana.

Tamvetsani nchito yake poyamba. Glider ni ndege yopanda injini, imakwera ndi mpweya wotentha monga imachitira miimba. Ndiye phiko lake lifunika kupepuka, kusalala, koma osathyoka. Amadula foam ndi waya wotentha. Nsalu ya fibreglass amainyowetsa ndi epoxy pa mapepala a Mylar opakidwa wax, n'kuphimba foam ija pamwamba ndi pansi. Zonse amazilowetsa m'thumba la pulasitiki, kumata pakamwa pake, kenaka pampu imakoka mpweya wa mkati. Apa ndiye pokoma. Mpweya umene tikhalamo umakanikiza pafupifupi kilogalamu imodzi pa sikweya sentimita iliyonse. Pa phiko la mita imodzi m'litali ndi masentimita 20 m'lifupi, ukachotsa chabe gawo limodzi mwa magawo anayi a mpweya wa m'thumba, zili ngati walisanjikiza matumba pafupifupi khumi a chimanga a 50 kg, koma kulemerako kwagawika mofanana paliponse. Ukachita dyera n'kukoka mopitirira, foam yoyera imaphwanyika. M'mawa mwake epoxy yauma, usenda Mylar, phiko lituluka lonyezimira. Ndi angati a ife amene tinamva nkhani ya pressure m'kalasi mpaka kuigwira ndi manja motere?

Otsutsa ali ndi mfundo imodzi yoona: epoxy ndi fibreglass sizipezeka pa kantemba, ndipo n'zodula. Chabwino. Koma tayang'anani kutsidya kwa malire, pakuti Vubwi ndi Malawi n'ngoyandikana. Mu June 2017 boma la Malawi ndi UNICEF anatsegula malo oyeserapo ma drone ku Kasungu. Mu November chaka chomwecho ophunzira a kumeneko anamanga kandege kotchedwa EcoSoar, kamene anakonza a Virginia Tech, ka foam board ndi tizidutswa ta 3D printer. Kanauluka makilomita 19 kuchoka pa chipatala cha Gogode kufika pa bwalo la ndege la Kasungu, katanyamula katundu woyeserera wa zachipatala. Foam yomweyo imene inu museka. Pofika January 2020, African Drone and Data Academy inali itatsegulidwa ku Lilongwe.

Ife nanga? Vubwi inapatukana ndi Chadiza n'kukhala boma payokha mu 2012, ndipo aliyense amene anayendako nyengo ya mvula adziwa mmene njira za kumidzi zimakhalira. Tsiku limene tidzafune kunyamula magazi kapena mankhwala m'mwamba, phiko lidzathyoka ndithu, ndege zonse zimatero. Wodziwa kugula chabe adzakhala pansi kudikira katundu wa ku China. Wodziwa thumba ndi pampu adzadula foam ina madzulo omwewo.

Manja alipo kale. Ana a ku Sinda ndi Katete amapinda magalimoto a mawaya okhala ndi chiwongolero chogwira nchito, ife n'kumawakalipira kuti ataya nthawi. Makalabu a JETS alipo m'masukulu athu, okonza mafiriji ali ndi makompresa akale amene akali kupopa. Aphunzitsi a sayansi, pitani mukafunse mtengo wa imodzi.