Nkhunda Zoduka Zala

Mukadzapita kutchuthi ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Zingwangwa, mudzaime pachigayo ndi kuyang'ana miyendo ya nkhunda zimene zikutola madeya. Sipalephera kupezeka yotsimphina, mwinanso yoduka zala. Ambiri amati ndi matenda, ena amanamizira ana a malegeni. Ine ndikuti mlanduwu ngwathu tonse.

M'chaka cha 2019 akatswiri a ku Paris anafufuza nkhunda za mumzinda mwawo. Anapeza kuti zoduka zala zimachuluka kumene kuli anthu othithikana, utsi wambiri ndiponso malo ambiri okonzera tsitsi. Nkhunda ikamayenda, tsitsi kapena ulusi umakulunga chala. Poyesa kuchotsa ndi mlomo imangoumangitsa, magazi amaleka kuyenda, chala n'kuuma mpaka kuthothoka.

Nanga kwathu kuno? Masaluni ali ponseponse, ndipo mesh imene alongo athu amalukira kumutu ndi pulasitiki, siola. Akaimasula amangosesera m'ngalande, pamodzi ndi ulusi wa atelala ndi nsanza za matumba a makala. Pomwepo mpamene nkhunda imatera. Ikamva ludzu imakamwa madzi a m'Nasolo kapena m'Mudi, amene ngakhale galu amayamba wanunkhiza kaye.

Wina anena kuti, "Anthu akuvutika ndi njala, iwe ukulira nkhunda?" Funsolo n'lomveka. Komatu nkhunda zathu si za m'tchire ayi. Zili ndi eni, zimagona m'khola kuseri kwa nyumba, ndipo maunda ake ndi ndiwo zimene timaphikira mlendo kapena wodwala. Chimene yatola kudzala chimathera mumphika mwathu. Ku New York, kafukufuku wa mu 2016 anaonetsa kuti madera amene nkhunda zinali ndi mtovu wambiri m'magazi ndi omwenso ana anali nawo wambiri. Nkhunda sipita kutali ndi kwawo. Imapuma mpweya umene mwana wanu akupuma.

Boma linaletsa majumbo opyapyala mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana nalo mu 2019. Zimenezo nzabwino, koma palibe lamulo limene lingatole tsitsi pakhomo pa saluni. Mwini saluni aike thumba pakona, tsitsi lonse lizilowa m'menemo. Khonsolo ya mzinda nayo izifika ndi galimoto m'misika ya m'makomboni, osati ku Namiwawa ndi ku Nyambadwe kokha. Ndipo inu makolo oweta nkhunda, madzulo zikalowa m'khola muziziona miyendo. Kalumo kamodzi n'kokwanira kudula ulusiwo chala chisanaume.