NTCHITO ZA MANJA: Sikafu ya ulusi wotsala



Kuno ku Lisungwi, m'boma la Neno, ndi kotentha ngati kwanu kunyanja. Koma mu June ndi July, chiperoni chikabwera, ana amanjenjemera popita ku swala ya Fajr, ndipo ena amangokhalira m'bulangeti. Tsono lero tikambe za sikafu ya m'khosi yoluka ndi singano ya ngowe, ija mumalukira madoilo ndi zisoti.

Sikafu imeneyi siyofuna ulusi watsopano. Sonkhanitsani timipukutu totsala, kapena masulani juzi yakale ya pa kaunjika ku Zalewa. Ulusi womasulawo muuchape ndi kuuyanika mutamangirira kamwala kumunsi kuti uwongoke. Paja Qur'an, mu Surah Al-A'raf, imatiletsa kusakaza zinthu. Chachikulu nchakuti ulusi wonse ukhale wonenepa mofanana. Mukasakaniza woonda ndi wonenepa sikafu idzakhala ngati njoka yomeza chule.

Yambani ndi tcheni wotalika masentimita 20. Lukani chigawo choyamba mothina, chotalika ngati chikhatho. Kenaka sinthani mtundu, musinthenso kalukidwe: chigawo china chamabowo, china cha timizere, china chooneka ngati zigoba za nkhono za pa doko. Pitirizani mpaka masentimita 150. Ya mwana 100 akwana. Ubwino wake ndi womwewu, mtsikana amaphunzira kalukidwe kosiyanasiyana pa chovala chimodzi, ngati mmene amaphunzirira zilembo pa bolodi.

Pamene ambiri amagwa ndi powerenga. Ophunzira athu ku madrasa anayesa chaka china, ndipo masikafu ena anatuluka otambalala kuno, opanikizika uko. Werengani mfundo pa mzere uliwonse, zikhale monga zinalili poyamba. Posintha mtundu, kokani ulusi watsopano pomaliza mfundo yotsiriza ya mzere, ndipo nsonga zotsala muzibise mkati ndi singano, osangodula.

Pa mitundu, ife timakonda kuika woyera kapena wakuda pakati pa iwiri yowala, monga wofiira ndi wobiriwira, kuti isalimbane m'maso. Zithunzi za nyama ndi nkhope zisiyeni, chifukwa sikafuyi idzalowa mumzikiti. Ndipo musaisite ndi simbi yotentha. Ulusi wambiri wa m'misika ndi wa pulasitiki, umasungunuka.

Mukayamba mu April, Insha Allah chisanu chidzapeza mwana ali nayo m'khosi.