Musanagule Masipeya a Mthuthuthu Wakale, Dziwani Nambala Yake

Ndi Mtolankhani Wathu

SABATA ino m'danga lathu la za njinga ndi magalimoto tikamba ndi inu amene muli ndi mthuthuthu wakale umene ungokhala kuseri kwa nyumba, nkhuku ziri kuikirapo mazira. Mwina unali wa atate anu pamene anali mlangizi wa za malimidwe, kapena wa agogo anu amene anali mphunzitsi. Anthu ambiri amati njinga zotere sizingayendenso cifukwa masipeya ake anatha kalekale. Zimenezi si zoona. Masipeya alipo, ndipo lero munthu wa ku Katete angathe kuwaona pa intaneti ali pakhonde pake. Cimene cimasaukitsa eni njinga ndico kugula citsulo cosalingana ndi njinga yao.

Tiyambe tafotokoza kumene vutoli linacokera. Njinga zamoto zambiri zakale zinali za ku England, monga BSA, Triumph, Norton ndi Royal Enfield. Pamene a ku Japan anabwera ndi njinga zao zosavuta kusamala, makamaka Honda CB750 ya mu 1969, malonda a Angerezi anayamba kulowa pansi. Royal Enfield inaleka kupanga njinga ku England mu 1970, BSA inagwa mu 1973, ndipo fakitale yakale ya Triumph ku Meriden inatsekedwa mu 1983. Koma mafakitale atatsekedwa, zitsulo zimene zinatsala m'masitolo pamodzi ndi mapulani a kapangidwe kake zinagulidwa ndi amalonda ena, ndipo iwo ndiwo akusunga njingazi zamoyo kufikira lero.

Mwa amalonda odziwika tingachule awa. A Draganfly Motorcycles a ku Bungay, England, amagulitsa za BSA ndi Ariel. A Andover Norton amapanganso zitsulo za Norton potsata mapulani akale. A Hitchcocks, pafupi ndi Solihull, ndi a za Royal Enfield, pamene makabureta a Amal akupangidwabe ndi kampani ya Burlen ku Salisbury, England. Amene ali ndi Honda yakale angafunse kwa David Silver Spares ku Leiston, England, kapena kwa CMS ku Lelystad, m'dziko la Netherlands. Onsewa amalandira maoda pa intaneti.

Ena mwa inu muli ndi mwai koposa. Royal Enfield Bullet inayamba kumangidwa kalekale ku Madras, India, kotero kuti zitsulo zake zambiri zimapezeka kumeneko. Nayo Honda CG125, imene inaturuka mu 1975, inapangidwira dala maiko a miseu yoipa ndi amakanika owerengeka. Ikupangidwabe ku Pakistan, ndipo mafakitale a ku China anatengera injini yake. Cifukwa cace mwini CG125 ayambe wafunsa m'masitolo a ku Lusaka kapena ku Chipata asanaganize za kunja.

Tsopano nayi mfundo yaikuru. Dzina la njinga palokha silikwanira. Taonani BSA Bantam, imene inapangidwa kuyambira 1948 mpaka 1971. Zoyamba zinali ndi injini ya 125cc, kenaka 150cc, potsiriza 175cc, koma zonsezo dzina ndi Bantam. Mukalembera wogulitsa kuti "ndifuna pisitoni ya Bantam", iye adzatumiza imene aganiza, ndipo colakwa cidzakhala canu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Njinga iri yonse iri ndi manambala awiri. Yina inadindidwa pa felemu, kawirikawiri pakhosi pansi pa mahandulo, yina pa injini. Tsukani malowo ndi parafini, lembani manambala onse pamodzi ndi zilembo zake, ndipo muwajambule ndi foni. Musadalire buku la njinga lokha, pakuti pa zaka makumi asanu mwina wina anaikamo kale injini ya njinga yina. Mukatero funani buku la masipeya la mtundu umenewo, m'mene citsulo ciri conse cinajambulidwa ndi kupatsidwa nambala yake. Pa zitsulo za Honda nambalayo iri ndi zigawo zitatu, ndipo capakati cimasonyeza njinga imene citsuloco cinayamba kupangidwira. Mudzapeza kuti citsulo cimodzi cimalowa ku njinga zingapo, ndipo nzeru imeneyi imapulumutsa ndalama.

Cenjeraninso ndi mabauti. Njinga za ku Japan zimayesedwa m'mamilimita, koma zakale za ku England zimayesedwa m'mainchi, zambiri potsata muyeso wa Whitworth umene unayamba mu 1841 ndi miyeso yina yacingerezi. Bauti wa mamilimita amaoneka ngati walowa, koma mukamukakamiza ndi sipanala amadya mizere ya m'kati mwa injini, ndipo kukonza pamenepo kumadula kuposa bauti amene munakana kuitanitsa. Magetsinso ngosiyana. Njinga zambiri zakale ndi za mavoti 6, osati 12, ndipo zambiri za ku England zimalumikiza waya wa + ku felemu, pamene zamakono zimalumikiza wa −. Mukasemphanitsa, mudzaona utsi.

Masipeya ali mitundu itatu. Woyamba ndi wa zitsulo zenizeni za kufakitale zimene zinakhala m'sitolo zaka zambiri osagulidwa. Pa magiya, mapisitoni ndi zina zacitsulo palibe zoposa zimenezi. Koma zamphira, monga matayala, machubu ndi masili, zimauma ndi kung'ambika ngakhale sizinagwirepo nchito, ndipo zikopa za mabuleki zomatidwa ndi guluu zingamatuke muli pa liwiro. Zotere gulani zatsopano. Tayala liri lonse lopangidwa kuyambira 2000 liri ndi manambala anai m'mbali: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi caka.

Waciwiri ndi wa zitsulo zotengera, zopangidwa ndi mafakitale ena. Zina nzabwino ndithu, koma zina zimangonyezimira. Cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Pa galasi kapena mpando mungagule zochipa, koma pa mabuleki, cheni ndi mabering'i musanyengedwe ndi mtengo, cifukwa pamenepo pali moyo wanu ndi wa amene mwamunyamula. Wacitatu ndi wa zogwirapo kale nchito, zimene zimagulitsidwa pa eBay ndi pa Facebook. Apa pemphani cithunzi ca citsuloco pambali pa rula ndi pepala lolembedwa tsiku, kuti mudziwe kuti wogulitsayo ali naco m'manja.

Za ndalama tinenepo mosabisa. Mtengo umene muona pa intaneti si wotsiriza. Muonjezepo wotumizira, msonkho wa Zambia Revenue Authority, ndi kusintha kwa Kwacha pa mapaundi kapena mayuro. Ncanzeru kumasula njinga yonse coyamba, kulemba zonse zofunika, ndi kuitanitsa pa phukusi limodzi, kapena kugwirizana ndi anzanu kuti mugawane mtengo wotumizira. Funsani ngati wogulitsa amalola kubweza katundu, ndipo musatumize ndalama kwa munthu wosadziwika amene akukufulumizitsani.

Potsiriza, musanyoze amisiri athu. Mabushi, mawaya a kilachi ndi timagasiketi ta pepala angathe kupangidwa konkuno ndi mmisiri wodziwa makina osulira, malinga mumpatse citsulo cakale kuti ayesepo. Cifukwa cace musataye kanthu kali konse kocoka pa njinga kufikira catsopano citalowa ndi kugwira nchito.

Conco abale, musanapite ku banki, pitani kuseri kwa nyumba ndi kansalu, parafini ndi pensulo. Sabata yamawa tidzakamba za kutsuka thanki ya petulo imene inacita dzimbiri.