ZA UMOYO: Mimba Ikauma Ngati Thabwa

Ali yense amene anatumbulapo mbuzi adziwa kakhungu kopyapyala, konyezimira, kamene kamakuta matumbo ndi kuyala m'kati mwa mimba. Munthu nayenso ali nako. Kakhungu kameneka kakatupa ndi kucita mafinya, madokotala amati ndi peritonitis. Kawirikawiri nthendayi imadza pamene thumbo labooka kapena kathumba ka appendix kaphulika.

Koma ulipo mtundu wina, wosaoneka-oneka, umene umagwira munthu wamphamvu zake, wopanda bala liri lonse m'matumbo. Coyambitsa ndi kacirombo kochedwa streptococcus wa gulu A, komweko kamene kamadzetsa zilonda za pakhosi ndi za pakhungu mwa ana. Nthawi zina kamalowa m'magazi ndi kukafika m'mimba. Mwa akazi kakhoza kukwera kudzera m'njira ya ciberekero. Ambiri mwa odwala nthendayi ndi akazi a msinkhu wobereka, amene dzulo lake anali kulima ndi kutunga madzi bwino lomwe.

Apa ndipo pagona ngozi. Popeza wodwalayo sanali wofooka, abale amaganiza kuti wangodya coipa, makamaka cifukwa nthendayi imayamba ndi kusanza, kutsegula m'mimba ndi kutentha thupi. Motero amamufulira mizu, namamulimbitsa mtima kuti kukaca adzadzuka. Koma mimba ya munthu wodya coipa imakhala yofewa. Iyi imauma ngati thabwa, imapweteka ponse ponse ikakhudzidwa, ndipo mwini wake amagona duu, kuopa ngakhale kutsokomola. Ululu wa tizirombo ukafalikira m'magazi, mtima umathamanga, manja amazizira, mkodzo umacepa, nzeru zimasokonezeka. Zonsezi zikhoza kucitika m'tsiku limodzi kapena awiri.

Wodwala wotere ayenera kunyamulidwa nthawi yomweyo, usiku kapena usana, pa ngolo kapena pa galimoto, kupita ku cipatala. Asapatsidwe cakudya kapena mankhwala otsuka m'mimba. Ngati m'nyumbamo muli mwana wa zilonda za pakhosi, kapena ngati maiyo wangobereka kumene, anamwino auzidwe.

Ku cipatala amamuika madzi m'mitsempha ndi kumubaya penicillin, kawirikawiri pamodzi ndi clindamycin, amene amaletsa tiziromboto kupanga ululu wake. Odwala ambiri amacitidwanso opareshoni, cifukwa kuli kobvuta kudziwa kuti thumbo silinabooke popanda kuona m'katimo. Dokotala amapeza matumbo ali amphumphu, natsuka mafinya, natumiza ena kukapimidwa kuti kacirombo kadziwike dzina.